Mphindi imodzi pansi pa mlambe

Amene anaimbapo m'kwaya amadziwa kuti pagulu pali pobisala. Ngati nyimbo sukuidziwa, umangotsegula pakamwa ndi kugwedeza mutu pamodzi ndi anzako, ndipo mpingo umatuluka ukuyamikira kuti lero ana aimba bwino. Ine ndinatsogolera kwaya yotere kwa zaka 19, osati m'tchalitchi cha pamishoni ya Utale ayi, koma m'kalasi, ndipo ndinkati ndikuphunzitsa kuwerenga.

Uphunzitsi ndinauyamba mu 1994, chaka chimene boma linachotsa fizi kupulayimale. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi, chiwerengero chawo m'dziko muno n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Boma linalemba achinyamata zikwizikwi, ine mmodzi mwa iwo, n'kutipatsa choko titangophunzitsidwa masabata owerengeka. Maphunziro enieni a ntchitoyi ndinachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP. Masiku amenewo dera lathu linali pansi pa Machinga, Balaka isanakhale boma loima palokha mu 1998.

Kaphunzitsidwe kanga kanali kamene inenso ndinaphunzirira. Ndinkalemba pabolodi, kuloza ndi kamtengo, kutchula mawu, ndipo ana oposa 100 ankabwereza mokweza mpaka amayi opita kumunda wa thonje ankamva. Phokoso limenelo ndilo linali umboni wanga. Teremu ikamatha, ana ambiri ankatha kunena tsamba lonse la buku osapunthwa, ine mtima uli m'malo.

Mu 2013, Unduna wa Zamaphunziro mothandizidwa ndi bungwe la USAID unayambitsa ntchito yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira m'maboma angapo, kuphatikizapo Balaka ndi Machinga. Atatiitana ku maphunziro, anatiuza za kafukufuku wa EGRA amene anachitika mu 2010. Ofufuzawo sanamvetsere kalasi yonse monga ankachitira oyendera sukulu. Ankatenga mwana mmodzimmodzi, kumupatsa kankhani kakafupi ka Chichewa, n'kuwerengera mawu amene wawerenga molondola pa mphindi imodzi. Anapeza kuti ana oposa 7 mwa 10 aliwonse a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi.

Ndinaimirira n'kutsutsa. Ndinati mwina zimenezo n'zakwina, koma ana anga amawerenga. Mayi amene ankatiphunzitsa sanakangane nane. Anangoti, "Aphunzitsi, mukabwerera mukatenge mwana amene mumamudalira kwambiri, mukakhale naye awiri. Mukamupatse mawu oti sanawaonepo pabolodi, ndipo inuyo mukatseke pakamwa."

Mwana amene ndinkamudalira anali wa mlongo wanga, kamtsikana kochangamuka kamene mawu ake ankamveka pamwamba pa anzake onse. Tsiku lina nthawi yopuma ndinapita naye pansi pa mlambe umene uli kuseri kwa kalasi. Pa chikatoni cha sopo ndinali nditalembapo ziganizo ziwiri za mbuzi imene inadya chimanga cha agogo. Anayang'ana chikatonicho, kenaka anachitembenuza kufuna chithunzi, koma panalibe. Atatero maso ake anabwera pamilomo panga n'kukhala pomwepo. Mphindi inatha, kunja kuli zii, njiwa zokha zikulira.

"Amalume, yambani inuyo, ine nditsatira," anatero motsitsa mawu.

Sindinamuyankhe, chifukwa kukhosi kwanga kunauma. Sabata imeneyo ndinayesa ana ena mmodzimmodzi, ndipo amene anawerengadi anakwanira pa zala za dzanja limodzi. Ena onse anali ataloweza buku monga amalowezera katekisimu. Analibe mlandu anawo. Anachita zimene ndinkawapempha tsiku ndi tsiku: kunditsatira.

Njira imene anatiphunzitsa inali yochokera pa zimene ofufuza anapeza za mmene mwana amaphunzirira kuwerenga. Poyamba khutu lake lizolowere kumva maliwu amene ali m'mawu. Kenaka adziwe liwu la lembo lililonse, osati dzina lake lokha, kuti akaona m ndi a aphatikize yekha n'kupeza ma. Maphatikizo abale mawu, mawu abale ziganizo, mpaka mwana awerenge mosadodoma ndi kumvetsa zimene wawerenga. Phunziro lililonse linkayenda masitepe atatu: mphunzitsi achite, achite pamodzi ndi ana, pomaliza mwana achite yekha. Ndinazindikira kuti kwa zaka zonse zija ndinkathera pa sitepe yachiwiri.

Ndisaname kuti zinayenda myaa. Ambiri a ife tinanyansidwa ndi buku la mphunzitsi limene linkatiuza ngakhale mawu oti tinene, ngati kuti ndife ana. Kumva mwana aliyense payekha m'kalasi ya anthu 100 n'kovuta, moti ndinkangokwanitsa asanu kapena asanu ndi mmodzi patsiku. Ana ena kwawo amayankhula Chiyao, choncho ankalimbana ndi malembo pamodzi ndi chiyankhulo chomwe. Madzi osefukira a mu 2015 ndi njala imene inatsatira zinachotsa ana ambiri m'kalasi, ndipo palibe kafukufuku amene angaphunzitse mwana amene sanabwere. Ngakhale pamene njirayi inafalikira m'sukulu zonse za boma mu 2016 pansi pa National Reading Programme, ana osatha kuwerenga sanathe m'dziko muno.

Komabe kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa mlongo wanga uja ndinayamba naye pa a, ngati sanalowepo m'kalasi. Bambo ake anali ku Johannesburg, monga alili amuna ambiri a kwathu kuno, ndipo uthenga ukabwera pafoni, mayi ake ankathamangira kwa ine kapena kwa anansi kuti awawerengere, zinsinsi za banja n'kumadziwika mudzi wonse. Madzulo ena, chaka chitatha, foni inalira ndili pomwepo. Nditatambasula dzanja, mwanayo anailanda.

"Dikirani amalume, musandiuze."

Anawerenga pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo, chala chikuyenda pagalasi losweka, mpaka anamaliza uthenga wonse wonena za ndalama ya feteleza. Mayi ake analulutira ngati pachinkhoswe.

Kuchokera nthawi imeneyo ndamva za njira zinanso. Ku Zambia, kuyambira mu 2016, anatengera nzeru ya bungwe la Pratham la ku India yogawa ana m'magulu potengera zimene akudziwa, osati kalasi imene ali. Kuno kwathu, mu 2023 boma linayamba kufalitsa matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu, atayesedwa kaye m'sukulu zochepa. Ndikaziyang'anitsitsa, ndimaona kuti zonsezi zikufunsa funso limodzi lomwe lija: kodi mwana uyu, payekha, akutha chiyani lero? Mapulogalamu amabwera ndi galimoto zake n'kupita, ndipo USAID imene inatibweretsera maphunziro aja inatsekedwa mu 2025. Koma funsoli silifuna thandizo la kunja. Limafuna chikatoni, mthunzi ndi mphunzitsi wolimba mtima kumva zimene sakufuna kumva.

Tsopano ndinapuma pantchito. Ndikapita kumsika ndimakumana ndi abambo ndi amayi amene anadutsa m'manja mwanga kale, mlambe uja usanandiphunzitse. Amandipatsa moni mwaulemu, ena kundigulira nthochi, n'kumauza ana awo kuti awa ndi aphunzitsi athu. Tsiku lina pogulitsa thonje ndinaona mmodzi mwa iwo akupereka lisiti kwa mnzake kuti amuuze zimene zalembedwa. Ndinamukumbukira bwino. Ankakhala kutsogolo, ndipo mawu ake ankamveka kuposa onse.