Mlendo wa pa Ndege ndi Mlendo wa pa Basi

Ambiri mwa ife okhala mu mzinda wa Blantyre sitidakwerepo ndege chibadwire, ndipo mwina tidzatsikira kuli chete tisadaone m'kati mwake. Komabe ndegeyo tidakula nayo. Ife a ku Chirimba, ku Machinjiri, ku Chilomoni ndi ku Ndirande timaimva ikamatsika kulunjika ku Chileka, ndipo alipo amai ena amene adazoloŵera kutereka mphika wa nsima akangomva ya masana ikudutsa. Bwalo la ndege la ku Chileka lili pa mtunda wa makilomita ngati 16 kuchokera pakati pa mzinda, ndipo akuluakulu athu amalikumbukira kuti mpomwe Dr. Kamuzu Banda adatsikira pa 6 Julayi 1958, pobwerera kwao atakhala kunja zaka zambiri.

M'chaka cha 2020 phokoso limeneli lidatha. Mliri wa kolona utafalikira m'maiko ambiri, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pa ngozi, sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo kuyambira pa 1 Epulo ndege zonyamula anthu kupita kapena kuchokera kunja zidaletsedwa. Zidangotsala zonyamula katundu, mankhwala, anthu ogwira ntchito za chipatala ndi nzika zobwerera kwao. Maiko enanso adachita chimodzimodzi. Bungwe loona za maulendo a pa ndege pa dziko lonse lidaŵerengera kuti anthu okwera ndege, amene anali 4.5 biliyoni mu 2019, adatsika kufika pa 1.8 biliyoni mu 2020. Ndege zikwizikwi zidangondandalikidwa m'mabwalo, zitakutidwa mainjini kuti mbalame zisamangemo zisa.

Kumwamba kukatsekedwa, oyamba kulira ndi anthu a pansi. Oyendetsa matakisi amene ankanyamula alendo kuchokera ku Chileka kupita ku mahotela a m'tauni adaimika galimoto zao pansi pa mitengo. Anyamata ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa Victoria Avenue ankayala katundu wao m'maŵa ndi kumlongedzanso madzulo, osagulitsa ngakhale kanjovu kamodzi. M'mahotela ophika ndi oyala mabedi ambiri adauzidwa kuti akadikire kunyumba. Amai a malonda amene ankakaoda zovala ndi nsapato ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku China kuti adzagulitse ku Limbe adayamba kudya mpamba wao. Padalinso odwala amene ankayembekezera kukalandira chithandizo ku India, pakuti matenda ena sitinkatha kuŵachiza kuno. Iwoŵa ankangoŵerenga masiku, thupi likunka lilefuka. Nayo kampani yathu ya ndege, imene idayamba kuuluka mu 2014 boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49, idataya ulendo wake waukulu wa ku Johannesburg kwa miyezi yambiri.

Komatu pali chinthu china chimene miyezi imeneyi idatisonyeza, ndipo nchimene tifuna kuti tichilingalire pamodzi. Kachirombo ka kolona kadafika kuno pa ndege. Anthu atatu oyamba kupezeka nako, amene adalengezedwa pa 2 Epulo 2020 ku Lilongwe, anali munthu wongobwera kumene kuchokera ku India, mbale wake, ndiponso wantchito wa pakhomo pao. Taganizani za wachitatuyo. Iye sadagule tikiti, sadaonetse pasipoti kwa munthu, koma matendawo adampeza akugwira ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Palibe amene ali ndi mlandu pamenepa, pakuti munthu sasankha kudwala. Tingoona kuti ulendo wa munthu mmodzi umakhudza anthu ambiri amene sadachoke pakhomo.

Ndege zitaima, maulendo sadaime. Ku South Africa boma lidatsekera anthu m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi, ndipo ana athu ambiri a ku Joni, ogwira ntchito m'minda ya maluŵa, m'makhitchini, m'masitolo ndi pa zomangamanga, adapezeka opanda ganyu, opanda ndalama ya lendi, opandanso chakudya. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Adasonkha tindalama totsala nakwera mabasi, kudutsa ku Beitbridge, kupyola Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka kufika pa chipata cha Mwanza atakhala masiku angapo mothinana. Kumapeto kwa Meyi gulu lalikulu lidasungidwa pa Kamuzu Stadium kuti lidikire zotsatira za kuyezedwa. Anthuwo adadandaula za kusoŵa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zokwanira, ndipo oposa 400 adalumpha mpanda nabalalika m'makwalala a mzinda uno, ena mwa iwo ali nako kachiromboko.

Sitingabise kuti kuthaŵa kumeneku kudaika miyoyo ya ena pa ngozi, ndiponso kuti chiŵerengero cha odwala chidakwera ndithu m'masabata otsatira, ambiri mwa opezeka nawo matendawo ali obwerera kuchokera ku South Africa. Mantha a anthu anali ndi chifukwa chake. Koma tiyeni tiike zinthu ziŵiri pafupi. Wotsika ndege m'mwezi wa Malichi kuchokera ku maiko amene mliri udakula ankapemphedwa kuti akadzipatule yekha kunyumba kwake masiku 14, kumene kuli bedi, madzi ndi womphikira. Wotsika basi m'mwezi wa Meyi adagona pa bwalo la mpira, nyengo yozizira itayamba. Matenda anali amodzi, koma muyeso wolandirira alendo aŵiriŵa unali wosiyana. Ndipo m'maminibasi, m'misika ndi pa mijigo, mau oŵaŵa adagwera wa pa basi uja. Dzina loti “wa ku Joni”, limene kale linkatchulidwa monyadira, lidasanduka chenjezo.

M'dera lathu mudabwera mnyamata wina wotere, amene adatsata malamulo onse. Amai ake adamkonzera kachipinda ka kuseri, namamuikira mbale ya nsima pakhomo m'maŵa ndi madzulo. Anansi ena adaletsa ana ao kudutsa pa bwalo limenelo, ndipo wogulitsa makala adayamba kulambalala nyumbayo. Tsiku lina madzulo mnyamatayo adalankhula kudzera pa zenera nati, “Amai, kodi ndabwera kwathu kapena ndabwera ku ndende?” Amaiwo adakhala pansi patali pang'ono nayankha kuti, “Mwana wanga, malata ali pamwamba pangaŵa udagula ndiwe. Pirira masiku otsalaŵa. Ine sindichoka pano mpaka utatha kudya.” Ndipo adatero masiku onse 14, kukhala pa mkeka panja, kumuuza za maliro ndi maukwati amene adachitika iye kulibe. Maiyu sadaphwanye lamulo la chipatala ngakhale limodzi, komanso sadalole kuti mwana wake adye yekha. Ambiri a ife timaŵakumbukira maiwo tikamaganiza za chaka chimenecho.

Nkhani yotere si yachilendo m'mbiri yathu. Owerenga achikulire akukumbukira kuti idalipo nthaŵi imene okwera ndege ambiri m'dziko muno anali anthu osauka. Bungwe la Wenela, limene dzina lake lidatsalira pa malo okwerera mabasi mu Blantyre, linkanyamula amuna pa ndege kupita nawo ku Francistown, ku Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda kunka ku migodi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina yobweza anthu kwao idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalaŵi oposa 70 adafera pomwepo. Dr. Banda adaletsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi, ndipo zikwi zambiri zidabwerera kumudzi. Kulembako kudayambiranso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la TEBA, koma kuyambira mu 1988 khomo lidatsekedwanso, tsopano chifukwa cha mliri wa Edzi: a ku South Africa adafuna kuti Amalaŵi aziyamba ayezedwa magazi, boma lathu lidakana, ndipo amuna pafupifupi 13,000 adabwezedwa m'zaka zotsatira. Nthaŵi zonse mliri ukabuka, chala chimayamba kuloza munthu wa pa ulendo, makamaka amene adapita kukafuna chakudya cha ana ake.

Pa 1 Seputembala 2020 boma lidalolanso ndege zonyamula anthu, kuyambira pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, ndipo South Africa idatsegula mabwalo ake pa 1 Okutobala. Koma ulendo sudabwerere monga unaliri. Tsopano pambali pa tikiti ndi pasipoti pankafunika chikalata chosonyeza kuti munthu wayezedwa ndipo alibe kachirombo, chikalata cholipira ndalama zambiri chimenenso chinkatha mphamvu m'masiku oŵerengeka. Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwaukali woposa poyamba. Pa 12 Januwale nduna ziŵiri za boma zidamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, amene anali nduna yoona za mtengatenga. Zipatala za mu mzinda uno zidadzaza, mpweya wothandiza odwala kupuma udasoŵa, ndipo mabanja ambiri adaika maliro mofulumira, abale a kunja akulira pa telefoni. Pamenepo panalibenso wofunsa ngati wodwalayo adabwera pa ndege kapena pa basi, pakuti matenda anali ataloŵa m'nyumba za onse.

Ndege yomweyo imene idabweretsa matenda ndiyo idabweretsanso chithandizo. Pa 5 Malichi 2021 katemera woyamba wokwana 360,000 adatsitsidwa pa bwalo la Kamuzu. Dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu, lopandanso fakitale yopanga katemera, silingadzitsekere kwa nthaŵi yaitali. Khomo limene timaopa kuti mdani aloŵerapo ndi lomwelo limene sing'anga aloŵerapo.

Phunziro lotsiriza lidadza kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku South Africa adauza dziko lonse mosabisa za mtundu watsopano wa kachiromboka, umene udatchedwa Omicron. M'masiku ochepa chabe Britain idaika Malaŵi pa mndandanda wa maiko oletsedwa, ndipo United States idaletsa alendo ochokera ku maiko 8 a kumwera kwa Africa, lathu lili momwemo. Ophunzira amene ankabwera ku tchuthi cha Khirisimasi, ogwira ntchito kunja, odwala ndi amalonda adasokonezekanso. Pambuyo pake zidadziŵika kuti ku Netherlands mtundu umenewu udalipo kale asadaulengeze a ku South Africa. Pulezidenti Lazarus Chakwera, amene panthaŵiyo anali wapampando wa SADC, adadzudzula ziletsozo kuti zidachokera pa kuopa anthu a ku Africa osati pa nzeru za sayansi. Britain idachotsa chiletso chake pa 15 Disembala, ndipo United States pa 31 Disembala. Kwa masabata amenewo Mmalaŵi aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, adalaŵa chimene mnyamata wa pa basi uja adalaŵa pa zenera la kachipinda ka kuseri. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti kolona salinso ngozi yadzidzidzi, ndipo ndege zidayambanso kudutsa pamwamba pa madenga athu. Koma mliri wina udzabwera, monga udabwerera wa chimfine mu 1918, wa Edzi m'zaka za m'ma 1980 ndi wa kolona mu 2020, ndipo pa tsikulo mabwalo a ndege adzatsekedwanso, mabasi nadzadzazanso pa Mwanza. Kupatula wodwala kapena woganiziridwa kuti akudwala ndi nzeru, ndipo tiyenera kumvera achipatala pa zimenezi. Chofunika nchakuti kupatulako kuchitike mwaulemu. Kwa olamulira, ndiye kuti malo olandirira obwerera akonzedwe nthaŵi ikadalipo, okhala ndi madzi, chakudya, zofunda ndi zimbudzi, ndiponso kuti lamulo likhale limodzi kwa wa pa ndege ndi wa pa basi. Munthu wosamalidwa bwino salumpha mpanda.

Kwa ife a m'mabanja, ntchito yake ndi yapafupi. Pafupifupi banja lililonse mu Ndirande, mu Bangwe, mu Zingwangwa kapena mu Mbayani lili ndi wake amene ali kunja, ndipo ndalama zake zalipirirapo fizi ya mwana, mankhwala a agogo kapena thumba la feteleza kumudzi. Tidalandira ndalama zake pa masiku abwino, choncho tiyeneranso kumlandira iye mwini pa tsiku loipa. Inu makolo, ana amamva mau amene timatchulira anthu obwerera kwao, ndipo adzaŵagwiritsa ntchito ife titapita. Mlendo wotere akafika, mpatseni chipinda chake, mbale yake ndi madzi ake osamba monga achipatala anenera, kenaka yalani mkeka panja pa zenera ndi kumfunsa za ulendo.