Ku Blantyre, Kukaphunzira Ukapitawo wa Chipatala

Tinanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha. Basi inadutsa pa Dedza nkhungu idakali pa mapiri, inatsetsereka ku Ntcheu, ndipo dzuwa litakwera tinaoloka Shire pa Zalewa. Ulendo umenewu, wa makilomita oposa 300, ndinauyenda ndi imvi kumutu, kukakhalanso pansi m'kalasi ngati mwana.

Kapena mufunsa kuti, munthu wamkulu afunanji kusukulu? Chimene chinandinyamula ndi ichi. Pamene ndinali woyang'anira chuma ndi katundu pa chipatala china chaching'ono cha mishoni, panafika mayi m'nyengo ya dzinja, mwana ali kumsana, thupi lili moto ndi malungo. Sing'anga analipo, anamwino analipo, koma mankhwala anali atatha, pakuti ine ndinachedwa kuwaitanitsa mvula isanadule msewu. Tinawatumiza kwina pa ngolo, ndipo nkhope ya mayi uja siichoka m'maso mwanga kufikira lero.

Sukulu yathu ili pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene chinatsegulidwa mu 1958. Inayamba mu 1991 monga College of Medicine, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. M'mawa uliwonse timadutsana ndi abale a odwala atasenza nkhuni, ufa ndi mapoto. Amenewo ndiwo amatikumbutsa chimene tinadzera.

M'kalasi mwathu muli madokotala, anamwino ndi owerengera ndalama, onse ofuna digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka zipatala. Timaphunzira kukonza bajeti ya chaka, kuwerengera mankhwala a miyezi ya malungo isanafike, kutulutsa poyamba mankhwala amene masiku ake ayandikira kutha, ndiponso kusunga antchito kuti asathawire kwina. Zimenezi zioneka ngati za sitolo chabe, koma kuseri kwa nambala iliyonse kuli bedi, ndipo pa bedipo pagona munthu.

Lamulungu ndinakapembedza m'tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene Mbusa David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891. Ndinayang'ana njerwa zake, ndipo ndinaganiza kuti wina anaziwerenga, wina anasunga chakudya cha omangawo. Maina ao saoneka pakhoma, koma nyumbayo ikali chiimire.

Makolo okondedwa, mwana wanu akakhala ndi mutu wa masamu koma aopa magazi, musamuyese wolephera. Ndipo inu achinyamata, zipatala za mpingo wathu zikusowa akapitawo okhulupirika monga Yosefe, amene anadzaza nkhokwe njala isanagwe. Amene asunga bwino mosungira mankhwala, nayenso achiritsa.