Mbalame ya pa chitini cha polishi ndaiona ndi maso angawa

Inu amene mumagulitsa polishi wa nsapato mu Limbe kapena mumsika wa Lilongwe, kodi munakayang'anitsitsapo kambalame kali pa chitini cha Kiwi? Ambiri amayesa ndi chojambula chongopeka. Ayi ndithu, mbalameyo ilipo, kwawo ndi ku New Zealand, dziko la zilumba kuseri kwa Australia. Polishiyo anamuyambitsa ndi William Ramsay ku Australia mu 1906, koma mkazi wake anali wa ku New Zealand, dzinalo n'kuchokera kumeneko.

Ine ndinapitako, kamera ili m'khosi. Kuchokera mumzinda wa Auckland ndinakwera boti kupita pa kachilumba ka Tiritiri Matangi. Tisanakwere anatiuza kuti aliyense asanthule chikwama chake, apukute nsapato, chakudya chikhale chotsekera. Musaganize kuti ankafuna chamba. Ankafuna khoswe!

Nkhani yake ili apa. Kalekale dzikoli linalibe nyama zoyamwitsa zapamtunda kupatula mileme. Posowa mdani wozithamangitsa pansi, mbalame zina zinasiyiratu kuuluka. Anthu atafika anabwera ndi makoswe, agalu ndi amphaka. M'ma 1880 azungu anawonjezera stoat, kanyama konga likongwe, ati kazigwira akalulu. Iko kanaona kuti anapiye ndiwo savuta kugwira. Lero kumene kulibe misampha, mwa anapiye 100 a kiwi amene amakula ndi ngati 5 basi.

Pa Tiritiri panali busa la ziweto. Kuyambira 1984 mpaka 1994 anthu ongodzipereka anadzalapo mitengo yoposa 250,000, ndipo mu 1993 makoswe onse anaphedwa. N'chifukwa chake a pachilumbapo safuna masewera ndi zikwama za alendo.

Masana ndinakumana ndi takahe, chimbalame chachikulu ngati tambala wa Mikolongwe, nthenga zobiriwira zosakanikira buluu, mlomo wofiira psuu. Kwathu mbalame ikaona munthu imakumbuka legeni. Iyi inangopitiriza kuzula udzu pafupi ndi mapazi anga, ine n'kumajambula mmene ndikufunira. Chikhalirecho, kuyambira 1898 anthu ankati mtundu wake unatha, mpaka dokotala wina, Geoffrey Orbell, anakaipeza m'mapiri a Murchison mu 1948. Pofika 2023 zinalipo pafupifupi 500 dziko lonse.

Kiwi ndiye ndi wa usiku. Ndinagona pachilumba pomwepo, n'kulowa m'tchire ndi tochi ya kuwala kofiira, chifukwa kuwala koyera ndi fulashi ya kamera zimaisokoneza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinakhala duu m'chisanu mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenaka ndinamva tswa tswa m'masamba, ndi kufwenthera ngati munthu wa chimfine. Uyo! Kanthu kozungulira ngati mpira, kopanda mchira, mapiko osaoneka n'komwe, kakuzika mlomo wautali m'dothi kusaka nyongolotsi. Mphuno zake zili kunsonga kwa mlomowo, ndiye chakudya imachipeza ponunkhiza. Dzira lake limatha kulemera gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi la make. Amayi a mumsika, tayerekezani! Chithunzi chinatuluka chamdima, koma mlomo ukuoneka bwino lomwe.

Pomaliza ndinakwera mapiri a Arthur's Pass, ku chilumba cha kum'mwera, kwa kea. Ameneyu ndi chinkhwe cha m'mapiri, ndipo kuba kwake kungachititse manyazi anyamata opisa m'matumba pa depoti. Mukangoimika galimoto, wafika, wayamba kusenda labala wa pagalasi. Pofuna kumujambula simuvutika, amabwera yekha kudzayesa ngati lamba wa kamera ndi wodyedwa. Kale alimi ankamupha pomunena kuti amajompha nkhosa, ndipo boma linkalipira wobweretsa mlomo wake. Chitetezo chonse cha lamulo anachipeza mu 1986.

Mu 2016 boma la New Zealand linalengeza kuti likufuna kuti pofika 2050 makoswe, ma stoat ndi ma possum akhale atatheratu. Inu amene mumalimbana ndi makoswe m'matumba a chimanga usiku ndi usiku, mukudziwa nokha kukula kwa lonjezo limeneli.