Za Kachofunda ka Zigamba

Aliyense wogwira ntchito ya manja adziwa kuti ilipo nyengo imene mtima uzirala pa ntchito imene kale unkaikonda. Woumba mbiya ayang'ana dongo lake osalikhudza, woluka mkeka apitirira mlaza wake monga ngati sauona, ndipo ife a singano ndi ulusi tiika nsalu m'dengu ndi kunena kuti tidzasoka mawa. Si ulesi ayi, pakuti ntchito zina tizigwira monga mwa masiku onse. Koma nyengo yotere ikatalika, zala ziiwala nzeru zake, ndipo luso limene tinalandira kwa amayi athu lifera m'manja mwathu tisanalipereke kwa ana.

Ifenso zinatigwera zimenezi. Tinali titayamba chofunda chachikulu cha bedi la anthu awiri, chofuna zigamba 400. Titasoka mizere itatu, matenda analowa m'nyumba, ndipo pamene anatha, mtima wa kusoka unali utachoka. Dengu linakhala pangodya miyezi 7. Tikaliyang'ana sitinkaona zimene tinasoka, koma kuchuluka kwa zotsala, ndipo manja ankalefuka tisanatole singano.

Tsono taonani mayi amene adzuka mamawa napeza khala limodzi lokha m'phulusa. Iye saikapo chikuni chachikulu, pakuti chikuni chingazimitse khalalo. Aikapo tiudzu touma ndi tinkhuni, nauzira pang'onopang'ono kufikira lawi litabuka, ndipo pamenepo chikuni chomwe chigwira moto. Chofunda chachikulu chija chinali chikuni chathu. Chifukwa chake tinachisiya chikhalire, ndi kuyamba kachofunda kogonekapo mwana wakhanda.

Kasokedwe kake nkosavuta. Tinapempha zidutswa za zitenje kwa telala wa pamsika, ndi kuonjezapo malaya akale. Zonse tinayamba tazichapa ndi kuzisita, popeza nsalu yatsopano ichepa ikalowa m'madzi, ndipo ina ichucha utoto ndi kuipsa inzake. Pa katoni tinadula muyeso wa masentimita 12 mbali zonse zinayi, ndipo ndi muyesowo tinadula zigamba 36. Msoko udya sentimita imodzi mbali iliyonse, kotero chigamba chitsala masentimita 10, ndipo mizere 6 ya zigamba 6 ipanga kachofunda ka masentimita 60 m'litali ndi m'lifupi momwe. Madzulo aliwonse tinkasoka mzere umodzi wokha, chigamba chakuda pafupi ndi choyera. Titalumikiza mizere, tinayala nsalu yapansi, pamwamba pake chidutswa cha bulangeti lakale, ndi zigamba pamwamba penipeni. Zitatuzi tinazisoka pamodzi kuyambira pakati kunka kumphepete, kuti nsalu isakwinyike, ndipo potsiriza tinapinda m'mphepete. Masabata awiri asanathe, ntchito inali itatha.

Koma chimene tifuna muchimvetse, okondedwa owerenga, ndi ichi. Madzulo oyamba tinasoka mtima usakufuna. Achiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachinayi, tili pakati potsuka mbale, tinapezeka tilikulingalira ngati chigamba chofiira chiyenera kukhala pakati kapena pangodya, ndipo dzuwa linatichedwera kulowa. Apo tinadziwa kuti khala lagwira. Ambiri ayesa kuti chifuniro chitsogola ndipo manja atsata pambuyo. Ife taona kuti kawirikawiri manja ndiwo atsogola.

Si ife oyamba kuona zimenezi. Ku America, m'dera la Alabama, kuli mudzi wotchedwa Gee's Bend, umene mtsinje wa Alabama uuzinga mbali zitatu. Anthu ake ndi zidzukulu za akapolo amene ankalima thonje kumeneko. Amayi a m'mudzimo sankasoka poyembekeza nsalu yabwino kapena mtima wokondwa, koma chifukwa nyumba zawo zinali zozizira, ndipo ana anafunika chofunda. Ankang'amba mathalauza akutha a kumunda ndi matumba a ufa, nazilumikiza monga diso lawatsogolera. M'chaka cha 1942, mayi wina wa kumeneko, Missouri Pettway, atamwalira mwamuna wake, anatenga zovala zimene malemuyo ankagwirira ntchito, nasoka nazo chofunda chomukumbukira. Mu 1966 amayi a m'chigawocho anayambitsa gulu losoka ndi kugulitsa pamodzi, lotchedwa Freedom Quilting Bee. Mu 2002 zofunda za ku Gee's Bend zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 boma la America linasindikiza zithunzi za zofunda 10 pa masitampa a positi. Ulemu wonsewo unayamba ndi nsanza ziwiri zolumikizidwa usiku, munthu atatopa ndi khasu.

Tsono inu amayi ndi inu abambo amene ntchito yanu yagona pangodya, musadziweruze kuti luso lakuthawani, ndiponso musakhale pansi kudikira tsiku limene mtima udzabwerera wokha. Sankhani kantchito kamene mapeto ake muwaona muli pachiyambi. Katengeni ku zinthu zotsala, kuti musaope kuononga, pakuti mantha a kuononga nsalu ya mtengo wapatali amanga manja a ambiri. Ikani muyeso wochepa wa tsiku limodzi, ndipo mukaufikira lekezani pomwepo, mtima ukadafuna, kuti mawa mudzabwerere ndi njala. Ndipo mukatsiriza, kaperekeni kwa munthu amene adzakagwiritsa ntchito, popeza chinthu chopangidwa ndi manja chikoma koposa pamene chifunditsa wina.

Akulu anati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Madzulo ano dulani zigamba ziwiri, ndi kuzilumikiza.