Ku Hermanus, Kumene Anamgumi Amadzaberekera

Ku Hammanskraal, kumpoto kwa mzinda wa Pretoria, kulibe nyanja. Mmalawi wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi akafika kumeneko amangoona fumbi, mitengo ya minga ndi ng'ombe. Komatu sukulu ya ukachenjede ya Pretoria, yoyandikana ndi derali, ndi imene imasunga kaundula wa anamgumi a m'dziko la South Africa. Akatswiri ake amagwirira ntchito ku Hermanus, tauni ya m'mbali mwa nyanja yamchere, mtunda wa makilomita oposa 1,400 kummwera.

Ku Hermanus munthu safuna bwato kuti aone namgumi. Pali kanjira koyenda pansi kodutsa pamwamba pa matanthwe, ndipo salipiritsa. Kuyambira mu June mpaka mu November, anamgumi a mtundu wa southern right amafika pafupi kwambiri ndi gombe la Walker Bay, moti kupuma kwawo kumamveka kumtunda. Poyamba amangooneka ngati thanthwe lakuda losambitsidwa ndi mafunde. Kenaka thanthwelo limatulutsa nthunzi yogawanika pawiri, chimchira n'kutukuka, ndipo pambali pake pamavuuka mwana. Chiyambire 1992, tauniyi ili ndi munthu woliza lipenga lopangidwa ndi chomera cha m'nyanja pofuna kudziwitsa alendo kumene nyamazi zaonekera. Woyamba anali Pieter Claasen.

Namgumi si nsomba. Amapuma mpweya, amabereka mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa. Wamkulu amatalika pafupifupi mamita 15. Alenje akale ankaukonda mtundu umenewu chifukwa umayenda pang'onopang'ono komanso ukafa umayandama, ndipo anatsala pang'ono kuutheratu. Mayiko anagwirizana zoletsa kuupha m'zaka za m'ma 1930, ndipo chiwerengero chinayamba kukwera.

Kawerengedwe kake mlimi wa ng'ombe sangakadabwe. Namgumi aliyense ali ndi zipsera zoyera pamutu zosiyana ndi za mnzake, monga mmene mawanga a ng'ombe amasiyanirana m'khola. Kuyambira 1979, chaka ndi chaka akatswiri amauluka m'mbali mwa gombe n'kumajambula mitu ya anamgumi aakazi amene ali ndi ana, motero amadziwa kuti uyu anabereka liti ndipo wabweranso liti.

Zimene kaundulayu akuonetsa masiku ano n'zodetsa nkhawa. Namgumi wamkazi akakhala kugombe la South Africa sadya kwenikweni. Amayamwitsa ndi mafuta amene anasunga m'thupi pamene ankadya tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa krill m'nyanja zozizira za kufupi ndi Antarctica. Kale ankabereka pakatha zaka 3 zilizonse, koma tsopano ambiri akumatha zaka 4 kapena 5. Kafukufuku amene anatuluka mu 2023 anapeza kuti matupi a amayiwa aonda ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Akatswiri akuloza chala kusintha kwa nyengo, komwe kwasokoneza chakudya chawo. Mlimi wa ku Chikwawa amaidziwa bwino nkhaniyi: msipu ukauma, ng'ombe yaikazi imadumpha chaka osatenga bere.

Mlendo woima pathanthwe sangazione zimenezi, pakuti kwa iye namgumi woonda ndi chimphona ndithu. Pofika mu December, nthawi imene ku Malawi chimanga chimakhala chitamera, amayi ndi ana awo amakhala atanyamuka ulendo wa kummwera kukafuna chakudya.