Chigumu cha Idi ya m'masika

Ife amene tinakulira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, keke ya kusitolo yopaka zoyera pamwamba tinaidziwa titakula kale. Kwathu keke ya pa Idi inali chigumu, chimene ena amati chikondamoyo.

Ntchito yake inkayamba kudakali masiku. Amayi ankadula mkoko wa nthochi n'kuuvundika kuti zipse mpaka makoko ade. Zikamveka kuti mwezi waoneka, usiku womwewo ankazikanya m'beseni, kuthiramo mgaiwa, soda, mchere ndi shuga pang'ono. Sikelo panalibe, muyeso unali dzanja lawo. Mumpoto ankayalamo masamba a nthochi kuti chisakakamire. Luso lenileni linali pa moto: pansi makala ochepa, pa chivundikiro makala ambiri. Ukasinthanitsa, pansi pamapserera pakati pali paliwisi. Ankabaya ndi kachitsotso, kakatuluka kouma ndiye kuti chapsa. Anafe tinkalimbirana zam'mbali zofiirira zija, ndipo mpaka lero timati keke ya mu uvuni siyifikapo pamenepo.

Pobwera ku swala tinkapeza mpunga ndi nkhuku yachikuda, koma mbale yoyamba kutuluka pakhomo inali ya chigumu. Tinkatumidwa nayo kwa agogo, kwa azakhali, ndi kwa anansi athu achikhristu omwe. Mbaleyo sinkabwerera yopanda kanthu.

Ophunzira a lero mwina sakudziwa mwayi umene akhala nawo. Chaka cha Chisilamu n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11, choncho Idi ya pomaliza Ramadhan imayendayenda m'nyengo zonse. Mu 2023 ndi 2024 inagwa mu Epulo, mu 2025 kumapeto kwa Malichi, nthawi ya mondokwa ndi maungu, pamene futali savuta kupeza. Izi zimabwereranso patatha zaka pafupifupi 33. Komabe masika nawo amanama. Idi ya Epulo 1992 inapeza chimanga chitauma ndi chilala, ndipo chigumu cha chaka chimenecho chinali cha nthochi zambiri, ufa wongowaza.

Tsopano Idi ikubwerera m'mbuyo kulowera m'miyezi ya njala. Pofika 2030 idzagwa kumayambiriro kwa Febuluwale, nkhokwe zili mbee, chimanga pamsika chitakwera mtengo. Makolo ndi a komiti ya mzikiti akudziwa kuti nthawi yotere Zakaatul Fitr imakhala ndi oiyembekezera ambiri kuposa oipereka.

M'banja mwathu zoterezi tinaziona mu 1996 ndi 1997, Idi itagwanso mu Febuluwale. Agogo aakazi ankapatuliratu ndowa imodzi ya chimanga pokolola, kuthiramo phulusa kuopa anankafumbwe, n'kuibisa kuseri kwa bedi lawo. Ankaitcha ndowa ya Idi. Mu Januwale tinkagonera phala, amalume n'kumadandaula, koma ndowayo inkapita kuchigayo kutatsala masiku awiri okha.