Ndinakaona Kumene Madzi Amabadwira

Ife a kwa Chiwalo phiri timalionera patali. Michesi ndi Mulanje amangooneka uko tikaweramuka m'munda, ndipo madzi ochokera kumeneko timawatchula mwamantha. Makolo amasimbabe za napolo wa mu Malichi 1991, pomwe tonsefe tinadzionera zimene namondwe wa Freddy anachita mu 2023. Nchifukwa chake anzanga a kwaya atakonza ulendo wa ku Dziwe la Nkhalamba m'chilimwe, ndinavomera mtima uli m'mwamba.

Tinanyamuka mbandakucha, nkudzera msewu wa Phalombe wopita ku Chitakale, mpaka kutsika pa Likhubula. Apo tinapeza mnyamata wotilondolera njira. Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuswa mtengo, koma titangolowa m'nkhalango mpweya unasintha. Pamwamba pathu panali thanthwe la Chambe, loima chilili, loti ukaliyang'ana khosi limawawa. Otsogola ankadikira otsalira, botolo la madzi likuyenda dzanja ndi dzanja, amayi ena akuyambitsa nyimbo pokwera chitunda.

Dziwelo tinayamba kulimva tisanalione. Kenaka mitengo inapatuka, ndipo ndinangoti kukamwa yasa! Madzi akugwa kuchokera pathanthwe, oyera mbee ngati ufa woyera, nkugwera m'dziwe lakuya lozunguliridwa ndi miyala yosalala. Ine ndinakulira pafupi ndi nyanja ya Chilwa, ya madzi amatope ndi amchere chifukwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Sindinkadziwa kuti madzi angayere mpaka munthu kuwerenga timiyala tapansi. Nditaviika mapazi, kuzizira kwake kunafika m'mafupa, ndipo ndinaseka ndekha ndi chimwemwe.

Wotilondolera uja anatichenjeza kuti: "Osadziwa kusambira akhale m'mphepete, dziwe ili ndi lakuya." Anatiuzanso kuti makolo ankapereka nsembe pamalopa, ndipo dzina lake limachokera ku nkhalamba imene ankati imaonekera pamenepo. Ulemu woterewu ndi umene unachititsa kuti mu 2025 bungwe la UNESCO liike phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse.

Tikudya mbatata ndi chinangwa pamwala, anatifotokozera za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene kwawo ndi phiri lino, ndipo watsala pang'ono kutha chifukwa cha odula ndi moto. Apa mpomwe ndinamvetsa: mitengo ikakhalapo, phiri limasunga mvula nkumaitulutsa pang'onopang'ono, koma likakhala lambee, madzi amatsika mwaukali.

Pobwerera tinagwirizana kuti ulendo wotsatira tidzakwerera mbali yathu ya Phalombe, pa Fort Lister, linga la mu 1893 lotsekera njira ya ogulitsa akapolo, mpaka ku Sombani. Tidzatenganso ana a Sande sukulu. Ndikufuna kuti iwo adzawadziwe madzi a phiri lino ali kwawo, oyera ndi ozizira, kuti akakula adzakhale ndi chifukwa chotetezera mitengo yake.